Musasaine musanaimbe manambala a mu fayilomo

Achemwali, za u incident coordinator akukupatsani kuntchitozo (udindo wotsogolera zinthu pakagwa ngozi) ndi fayilo yaikulu ya BCP akuti musaineyo (pulani yoti kampani isaime zinthu zikavuta), chonde dekhani kaye. Ine ndangowerenga post yanu mtima wayamba kugunda. Fayilo ngati imeneyo ifenso tinali nayo, yachikuto chofiira, pamwamba atalemba ISO 22301, muyezo wa padziko lonse lapansi wa mapulani otere, ndi zilembo zikuluzikulu, ma auditor akabwera amaitsegula nkugwedeza mitu kuti zili bho. Inali ngati nkhokwe yomata bwino kunja mkati anankafumbwe atamaliza kale chimanga.

Ine ndinali supavaiza wa shifiti ya usiku pa kampani ina yosunga zakudya zozizira cha ku City Deep ku Joni, kampani yaikulu ndithu, ma branch ku Durban ndi Cape Town, mabwana akuluakulu amakhala ku likulu sitimawaona nkomwe. Nkhuku, nsomba, ice cream, yogati, zonsezo. Freezer imayenera kukhala pa -18, chiller isapitirire 5, zikaposa apo kwa nthawi ndiye kuti katundu yense wotaya, palibe zokambirana. Pulani yathuyo anailemba pambuyo pa zipolowe za July 2021 zija, a Zuma atamangidwa, msewu wa N3 wochoka ku Joni kupita ku Durban utatsekedwa mathiraki akuwotchedwa ku Mooi River, kenako mwezi womwewo makompyuta a Transnet, kampani ya boma ya madoko ndi njanji, atalowedwa ndi ma hacker ku madoko mpaka kumalemba ma container pamanja. Apa ndi pamene mabwana anadzidzimuka nkuitana ma consultant. Anapanga ka exercise mu boardroom masana, tiyi ndi ma muffin, ife a usiku sanatiitane olo mmodzi. Dzina langa anangolilemba pa tsamba lina kuti first responder, ndinasaina ngati mmene akufuna musainire inumu.

Ndiye December 2022, stage 6 ya load shedding, mukukumbuka mmene zinalili, magetsi kuzima maola anayi, kuyaka pang'ono, kuzimanso, tonse maso ali pa EskomSePush, app yoonetsa schedule ya kuzima kwa magetsi. Warehouse itadzadza mpaka kudenga katundu wa Khrisimasi. Anazima 10 koloko usiku jenereta nkudzuka yokha mwa nthawi zonse, ife tikupakira mathiraki opanda nkhawa. 2 koloko yakwana magetsi osabwera. Hafu 2 zii. Tinadzamva mawa lake kuti akuba anapezerapo mwayi nkudula ma cable mdera lathu, paja akaona schedule amadziwa kuti waya alibe moto. Itangodutsa 3 ndinamva jenereta ikutsokomola, kawiri, katatu, kenako phuu. Mdima wa ndiwe yani. Amene munagwirapo mu cold storage mukudziwa kuti phokoso la ma compressor umasiya kulimva, koma likangoleka mmimba mumatentha. Chomwe chimalira ndi ka alamu ka temperature kokha ka batire, tii tii tii, ndi anyamata akuitanizana mumdimamo ena ali mkati mwa freezer ndi ma pallet. Choyamba ndinawerenga anthu kaye ndi tochi ya pa foni, onse anatuluka, ndinatseka zitseko zonse nkunena kuti wotsegula freezer ayambana ndi ine, chifukwa freezer yotseka imasunga kuzizira maola angapo koma chiller sichedwa.

Kupita ku thanki ya jenereta, kuviika ndodo, youma gwa. Pulani imati thankiyo izikhala ndi dizilo wa maola 48 nthawi zonse. Kuthamangira ku kompyuta kuti nditsegule pulani ija, paja amati ili pa system, system yake iti seva itazima, batire yake ya UPS inafa kalekale. Ya pepala inali yokhomedwa mu ofesi ya manijala, mwamwayi mdala wa sikyuliti anali ndi kiyi wa spare. Ndatsegula pa call tree, list ya manambala oimba pakagwa ngozi. Nambala yoyamba ya bwana amene anachotsedwa pa retrenchment nthawi ya Covid, anayankha ali mtulo nkundiuza kuti iye anachoka kale ndisamusowetse mtendere. Yachiwiri voicemail. Yachitatu anayankha mayi ena olankhula Sepedi osadziwa nkomwe kuti kuli kampani yotero, nambala inagulitsidwanso kwa wina. Netiweki nayo ikungobwera nkupita chifukwa ma tower mabatire ake samadzadza pa stage 6, ndimachita kukwera pamwamba pa mulu wa ma pallet panja kuti ndipeze ka bar kamodzi. Manijala wanga weniweni foni yothima. Ndinaimba mobwereza mpaka khutu kutentha, ndinatumiza WhatsApp tick imodzi. Hotline ya ku likulu inayankha, kamnyamata kaulemu bwino, akuti bwana pangani log ticket pa system kuti tiike P1, gulu la mavuto achangu kwambiri. Ndinati aise system ndi imene yafayo. Akuti popanda ticket number sangadzutse munthu. Mxii.

Nthawi imeneyo chiller yoyamba ili pa 6, ikukwera ndikuona. Ma forklift ena mabatire atatha, ma dock leveller, timilatho tolowetsera katundu m'mathiraki, ndi amagetsi sakuyenda. Pabwalo panali ma reefer akudikira kupakira, aja ali ndi fridge yawoyawo yoyendera dizilo. Dalaivala mmodzi ndi mnyamata wa kwathu ku Ntcheu, ndinamudzutsa mu cab ndati achimwene tandithandizeni ndafa ine. Anadzutsa anzake, tinayatsa ma fridge a mathiraki, nkuyamba kusamutsa yogati ndi nyama ndi pallet jack, pena pamanja bokosi ndi bokosi, anthu thukuta kamukamu mu chipinda choti masiku onse timavala majekete awiri. Kenako tinapopa dizilo m'mathiraki a kampani yomweyo ndi paipi, kuthira m'zigubu za malita 25, kunyamula kukathira mu jenereta. Pakamwa panga pananunkha dizilo mpaka Khrisimasi. Tathira, jenereta osadzuka, inali itakoka mpweya. Dalaivala wina wa ku Zimbabwe, mdala wa imvi, anati bweretsani sipanala, anagwada pansi ndi tochi kukamwa nkuchotsa mpweya uja, cha m'ma 5 inalira. Anyamata anakuwa ngati Flames yagoletsa, ine ndinangokhala pansi miyendo ikunjenjemera. Freezer zonse zinapulumuka. Chiller imodzi ya nkhuku za fresh sitinaifikire, inatayidwa yonse.

Manijala anatulukira 8 koloko akununkhira perfume, kofi kumanja. Zikomo? Olo. Funso lake loyamba akuti anakupatsa chilolezo chopopa dizilo m'mathiraki ndani. Sabata yotsatira kalata ya hearing, milandu iwiri, kuchotsa mafuta popanda chilolezo ndi kulephera kupanga escalate molingana ndi pulani. Ine!! Amene ndinaimba mpaka airtime yanga kutha. Ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero, order ya dizilo inali itakhala pa tebulo la munthu yemweyo osasainidwa, chifukwa ku likulu anamuuza kuti ndalama za dizilo zakwera kwambiri achepetse, nde amadikira mwezi uthe kuti ma figure ake aoneke bwino. Mu hearing anakhala ngati mboni, nkhope yowala bwinobwino, akuti foni yake inali pa chaji. Munthu woti ali pa standby amalandira ndalama ya standby. Ma consultant aja anabweranso kudzalemba lipoti la post-incident, root cause analemba human error pa shifiti ya usiku. Za thanki youma mzere umodzi kumapeto. Za manambala akufa analemba kuti call tree ikufunika kuiwonanso, basi, palibe amene anafunsidwa kuti bwanji munthu anachoka 2020 analowa mu pulani yolembedwa 2021, ndiye kuti anangokopera list yakale osaimba olo nambala imodzi.

Chinandipulumutsa ndi ma screenshot a call log ndi buku la OB la asikyuliti, mdala uja amalemba chilichonse ndi nthawi yake, jenereta yazima nthawi yakuti, supavaiza watenga fayilo nthawi yakuti, temperature yakuti. Shop steward, woimira antchito wa union, analinyamula kukaliika pa tebulo. Sanandichotse koma anandipatsa final written warning. Anthu anandiuza pita ku CCMA, bungwe loweruza milandu ya pantchito, ndipo zoona amalandira ngakhale ife obwera, warning yopanda chilungamo uli ndi masiku 90, akakuchotsa ntchito ndi masiku 30 okha. Koma inu mukudziwa mmene zimakhalira mapepala ako akamadalira kalata ya kampani, ana ali pa sukulu ku Blantyre fizi ikudikira January, ndinameza malovu nkungokhala.

Ndiye achemwali mukandifunsa ine, udindowo tengani, pa CV umathandiza ndipo kukana amakuonani ngati wamantha. Koma musanasaine khalani pansi ndi fayiloyo muimbe nambala iliyonse, osati masana, usiku kapena Lamlungu, muone amene ayankhe. Akupatseni polemba kuti zikavuta muli ndi mphamvu yogwiritsa ndalama zingati osadikira signature ya munthu, ndipo bwana akapanda kuyankha pakatha mphindi zingati mumadumphira kwa wamkulu wake. Akanena pakamwa zokha tumizani email yoti monga tinakambirana, nkusunga copy kwanu. Mufunse RTO ya chinthu chilichonse, kuti chingakhale chitaima nthawi yaitali bwanji kampani isanayambe kuluza, ngati ayamba kuyang'anizana dziwani kuti BIA, kafukufuku woona zimene kampani ingaluze chinthu chikaima, sanapange anangogula template. Pulani ya pepala ikhale pomwe inu mungaifikire 3 koloko usiku, ina pa foni, SIM ziwiri za ma netiweki osiyana, power bank yodzadza. Ngati muli ndi jenereta kaviikeni ndodo nokha osakhulupirira spreadsheet. Musati load shedding inachepa nde basi, madzi a Joni mukuwaona mmene akuvutira, ndipo ma hacker atatseka makompyuta a City Power, kampani ya magetsi ya ku Joni, ndi ransomware mu 2019 anthu analephera kugula magetsi a prepaid, tsoka lake silibwera mofanana. Drill ipangidwe ndi anthu a usiku ndi a weekend, amene amakhalapo zinthu zikamaphulika.

Ndipo chachikulu, tsiku limenelo likafika musachite chilichonse chimene mulibe mu pulani. Imbani, jambulani, lembani nthawi, basi. Nkhuku ziwole, si za bambo anu, ali ndi insurance anthu amenewa. Ngakhale kunena zoona ine zitachitikanso mwina paipi ija ndingaigwirenso, sungaime nkumaonerera katundu wa mamiliyoni akusungunuka anyamata akukuyang'ana kuti bwana titani. Komanso sungani manambala a madalaivala ndi asikyuliti, muziwagulirako ka drink nthawi zina, mu call tree simudzawapeza koma amayankha foni.

Za allowance ya udindowu mufunse ngati ndi ya mwezi ndi mwezi kapena pokhapokha akakuitanani, ndipo ilembedwe pa payslip. Ine yanga anati tikonza mwezi wamawa, mpaka ndinachoka pa kampanipo sindinaione.