Tifunseni: Kukwera phiri la Mulanje osalipweteka

Funso: Ndine mphunzitsi woyang'anira kalabu ya zachilengedwe pasukulu ina ku Chiradzulu. Mu Okutobala tikufuna kukwera phiri la Mulanje ndi ana 25, tikagone usiku umodzi. Kodi madzulo tingasonkhe moto panja kuti ana aothe?

Yankho: Aphunzitsi, musatero, makamaka mwezi umenewo. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba udzu wa pamwamba pa phiri umakhala utauma gwa, ndipo kamphepo kakang'ono kamakwanira kuulutsa mbaliwali n'kuyatsa tchire. Moto wa paphiri umathamanga kwambiri pokwera mtunda chifukwa malawi amawambiratu udzu wakutsogolo. Mwana amene ali kumtunda kwa moto sangauthawe.

Chimene chimatiwawa kwambiri ndi mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi. Ikuluikulu idatha ndi macheka a anthu odula mozemba. Imene ikubzalidwa tsopano ndi mbande zanthete, ndipo moto wa tsiku limodzi umapsereza ntchito ya zaka zingapo.

Yambani mwalembetsa pa ofesi ya zankhalango ku Likhubula, mutengeko wolondolera njira wovomerezeka. Mukagone m'nyumba za alendo za paphiri monga Chambe kapena Lichenya, momwe muli pophikira ndiponso mlonda. Mukatha kuphika thirani madzi pamakala, takasani phulusa ndi mtengo, thiraninso, kenaka yandikizani kuseri kwa dzanja. Mukamva kutentha ndiye kuti sunazime. Kukwirira ndi dothi n'kudzinamiza, pakuti makala amanyekabe pansi mpaka kucha. Machesi asunge mphunzitsi yekha, ndipo ana atenge majuzi, chifukwa usiku paphiri kumazizira ngakhale m'chilimwe.

Funso: Timakonda kukasambira pa Dziwe la Nkhalamba ndi anzanga. Wina adatidzudzula pogwiritsa ntchito sopo. Adalakwa?

Yankho: Sadalakwe. Dziweli lili pamtsinje wa Likhubula, ndipo madzi ake amamwedwa ndi midzi ya kumunsi, ena amayenda m'mapaipi mpaka ku Blantyre. Sopo amaphanso tizilombo tam'madzi timene nkhanu ndi achule amadya. Mukafuna kusamba ndi sopo kapena kutsuka mbale, tungani madzi m'ndowa mupite nawo masitepe 70 kuchoka pamtsinje, mukakhuthulire padothi. Mtunda womwewo ndi wa amene wafuna kudzithandiza: akumbe kadzenje kakuya masentimita 15 mpaka 20, akatha akwirire bwino. Mabotolo agalasi musapite nawo padziwe, chifukwa akasweka pamwala zidutswa zake zimakhala m'madzi momwe anthu amaponda opanda nsapato. Dziwelo ndi lakuya ndipo madzi ake ndi ozizira kwambiri, choncho wosadziwa kusambira akhale m'mphepete.

Funso: Kuponyera anyani nthochi kuli ndi vuto lanji? Si chakudya chawo chomwe?

Yankho: Vuto si nthochiyo koma chizolowezi. Nyani amene walandira chakudya m'manja mwa munthu amasiya kuopa anthu. Amayamba kulanda zikwama, kuluma ana ndi kulowa m'minda ya chimanga, mapeto ake alimi amamusaka ndi agalu. Ngakhale makoko ndi zisononkho musataye m'njira. Munthu aliyense akhale ndi jumbo yake ya zinyalala, atsike nayo.

Funso: Timabokosi tonunkhira ta mkungudza timene amagulitsa m'mbali mwa msewu, tingagule?

Yankho: Wogula ndiye amatuma wodula, ndipo pabokosi simungazindikire ngati mtengowo udadulidwa mwalamulo. Ndalamayo lipirani nayo wolondolera njira ndi onyamula katundu a m'midzi yozungulira phiri, kapena gulani tiyi ndi nanazi za ku Mulanje komweko.