Bwanji deta ya pa oscilloscope ikumadukira panjira?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti akatumiza *IDN? (lamulo lofunsa dzina la chipangizo) kuchokera pa kompyuta kupita ku oscilloscope yake, chipangizo choyezera ndi kuonetsa mafunde a magetsi, yankho limabwera bwinobwino, koma akapempha mafunde amene wayeza, amalandira zizindikiro zosawerengeka, ndiponso zoduka. Akufunsa ngati chipangizocho chafa.

Achimwene, mtima m'malo, chipangizo chanu chilibe vuto. Chalakwika ndi kawerengedwe ka yankho.

Malamulo mukutumizawa ndi a SCPI, chilankhulo cholamulira zipangizo zoyezera, chomwe chinatuluka mu 1990 potsamira pa ndondomeko ya IEEE 488.2 ya 1987. Mayankho ambiri amabwera ngati malemba wamba, ndipo amathera pa chizindikiro cha mzere watsopano, chomwe ndi byte (kachidutswa ka deta) yokhala ndi nambala 10. Mukafunsa multimeter (chipangizo china choyezera magetsi) kuti MEAS:VOLT:DC? imakuyankhani mwachitsanzo +1.23450000E+00, kalembedwe kotchedwa NR3. NR1 ndi nambala yathunthu, NR2 imakhala ndi dontho koma popanda E.

Mafunde ndiye nkhani ina. Kuti afike msanga, zipangizo zambiri zimawatumiza aawisi, osawasandutsa malemba. Tayang'anani koyambirira kwa zomwe mwalandirazo, mupeza chinthu ngati #41000. Nambala 4 ikunena kuti manambala anayi otsatirawo ndiwo akutchula utali, ndipo 1000 ndi kuchuluka kwa ma byte akubwera. Tsono pakati pa ma byte amenewo, mulingo wina ukhoza kungokhala 10. Pulogalamu yodikira mzere watsopano imaima pomwepo poganiza kuti yankho latha. Zotsalazo zimatha kutsalira m'njira n'kudzatuluka ngati yankho la funso lotsatira, ndipo apa mpamene anthu amasokonekera mutu.

Choncho werengani kaye mutu wa yankho, monga #41000 uja, kenako muwerenge ma byte okwana ndendende. Ngati mukugwiritsa ntchito PyVISA (pulogalamu ya Python yolankhulira ndi zipangizo zoyezera), query_binary_values yake imachita zimenezi, bola muiuze mtundu wa nambala, chifukwa mukapanda kutero imayesa kuti ndi float (nambala ya dontho). Mulingo umodzi ukamatenga ma byte awiri, onetsetsaninso kuti yoyamba ndi iti. Manambalawo sanakhalebe ma volt; pa ma oscilloscope a Keysight ndi Rigol funsani :WAV:PRE? kuti mupeze zochulukitsira.

Chinanso ndikuchenjezeni, poti chimapweteketsa ambiri: SCPI sisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ndiye MV ndi millivolt osati megavolt, komabe MHZ ndi megahertz. Ndipo mukadzaona 9.9E37, musaiwerengere ngati mulingo, chipangizo chikutanthauza kuti zapyola malire.

Zikakanikabe, tumizani SYST:ERR? (lamulo lofunsa cholakwika chomwe chipangizo chaona) mundilembere zomwe yayankha.