Azakhali, ufa wachikasu uja musawonjezere

Azakhali, mwaswera bwanji? Funso lanu ndalimva, loti ufa wachikasu uja, oxytetracycline, kale unkadzutsa nkhuku zanu koma pano mukuthira zikungofa, ndiye mwati muziika masupuni awiri m'malo mwa imodzi. Ayi ndithu, musatero. Ndayankhira pagulu pano dala, chifukwa amalume nawonso amatsegula makapusozi a anthu n'kuthira m'madzi a nkhuku. Amalume musakane, ndinakuonani.

Anthu amati nkhuku zazolowera mankhwala. Si nkhuku ayi, ndi mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso. M'matumbo mwa nkhuku imodzi muli mabakiteriya miyandamiyanda. Mukathira mankhwala ambiri amafa, koma pamapezeka ochepa amene ali ndi njira yopulumukira. Ena ali ndi kapampu, mankhwala akangolowa amawapopera kunja. Ena amatulutsa zinthu zimene zimaphwanya mankhwala ngati penicillin asanagwire ntchito. Anzawo aja akafa, malo onse ndi chakudya chonse zimakhala zawo. Ndiye kuswana kwake! E. coli, bakiteriya wina wa m'matumbo, zikamuyendera amagawikana pawiri mphindi 20 zilizonse. Zili ngati kapinga kumunda kwa agogo kuja: mupalire mwapamwamba, udzu wina ufa, kapinga atsala, chaka chamawa munda wonse ndi wake. Mukamathira ufa uja kawirikawiri, pang'ono lero pang'ono mawa, ngakhale nkhuku sizikudwala, mukupalirira kapinga ameneyo.

Chimene chimandiopsa ine n'chakuti mabakiteriya amagawana luso limeneli. Pali kachidutswa ka DNA kotchedwa plasmid kamene amapatsirana, ngakhale ali a mitundu yosiyana, ngati mmene ana amatumizirana nyimbo pa Bluetooth. Mu 2015 ku China anapeza luso lopirira colistin m'mabakiteriya a nkhumba, ndipo lomwelo linapezekanso mwa odwala m'chipatala. Colistin ndi mankhwala amene madokotala amasungira pamene ena onse akanika. Ku Ulaya, mayiko a European Union analetsa mu 2006 kuthira mankhwala opha mabakiteriya m'chakudya cha ziweto n'cholinga chongozinenepetsa. Inu ganizirani zitosi za m'khola mwanu. Mumathira kudimba, mvula n'kukokololera kuchitsime, adzukulu anu n'kumwa. Mwana akadzatsegula m'mimba, mankhwala akuchipatala atha kukanika osadziwa kuti zinayambira kukhola.

Komanso azakhali, zimene mwafotokozazi, zitosi zobiriwira, makosi kupotoka, nkhuku kufa zambiri sabata imodzi, kwa ine zikumveka ngati chitopa. Chitopa ndi vairasi, si bakiteriya, oxytetracycline sachikhudza n'komwe, muthire paketi yonse ndalama zangopita. Chake ndi katemera, wa I-2 uja wodonthezera m'diso, miyezi inayi iliyonse, nkhuku zisanadwale. Zodwalazo zipatuleni, zakufa zikwirireni mozama, musagulitse.

Itanani alangizi a ziweto adzazione ndi maso. Akanena kuti ndi bakiteriya, tsatirani muyezo ndi masiku amene akuuzeni. Pa paketipo analembanso masiku odikira musanadye mazira kapena kupha nkhuku, ndipo ena amaletseratu kwa nkhuku zoikira. Ijambuleni mbali zonse ziwiri munditumizire, ndikuimbirani madzulo ndikaweruka.