LLVM yokana kumangika pa Ubuntu, Mac ndi Windows

Achimwene, mwati LLVM, zida zopangira ma compiler (omwe amasandutsa code kukhala pulogalamu), ikukukanani kumangika pa makina atatu: pa laputopu yanu ya Ubuntu ikufa itatsala pang'ono kumaliza, pa Mac ya mnzanu ikuti stdio.h palibe, ndipo pa Windows ya ku labu ikulavula zofiira zokhazokha. Musavutike kufuna mankhwala amodzi. Awa ndi matenda atatu osiyana, kungoti agwera nyumba imodzi.

Ndiyambe ndi Ubuntu chifukwa ndi yomwe inandilizapo. Chithunzi mwatumizacho chikungoonetsa mzere wotsiriza, woti "ninja: build stopped". Umenewo ndi wolengeza maliro chabe, sunena chapha munthu. Kwerani m'mwamba mufune error yoyamba. Poti mwati laputopu ndi ya 8GB, ndikukhulupirira kuti mupeza "ld terminated with signal 9 [Killed]". Apo code ilibe mlandu. RAM yatha, ndiye Linux yapha linker (ld uja, pulogalamu yolumikiza zidutswa za code) kuti makina asaume. Ninja, pulogalamu yoyendetsa kumangako, imayambitsa ntchito zambiri nthawi imodzi molingana ndi ma core anu, tsono ikafika polumikiza clang (compiler ya LLVM) ndi anzake, aliyense amafuna RAM yake yambiri, makamaka mukamanga ya Debug.

Ine zinandichitikira ndikukhala m'kachipinda ku Rosettenville. Ndinkaisiya usiku fani ikulira ngati chigayo, m'mawa ndikupeza Killed yemweyo. Masiku atatu ndikuganiza kuti ndinatsitsa code yoonongeka, mpaka ndinaitsitsanso, data n'kuthera pomwepo. Chomwe chinandipulumutsa ndi kuuza CMake, pulogalamu yokonza dongosolo la kamangidwe, izi: -G Ninja, -DCMAKE_BUILD_TYPE=Release, -DLLVM_PARALLEL_LINK_JOBS=1, -DLLVM_USE_LINKER=lld ndi -DLLVM_TARGETS_TO_BUILD=X86. Dziwani kuti ya LINK_JOBS imagwira ndi Ninja yokha, pa make ilibe ntchito, ndipo lld, linker ya LLVM, muyambe mwaiika ndi apt. Ma target (mitundu ya purosesa) enawo, a ARM, Mips, PowerPC, mukumangira ndani?

Onaninso cmake --version. LLVM 17 imafuna CMake 3.20 kapena yoposa, pomwe Ubuntu 20.04 imabwera ndi 3.16. Ya 22.04 ili ndi 3.22, yomwe ikukwanira pa LLVM 17.

Za Mac n'zachidule. Kuyambira Mojave mu 2018, mafayilo a header ngati stdio.h uja sakhalanso mu /usr/include, anasamukira mu SDK, zida za Apple zolembera mapulogalamu. Mnzanuyo achite xcode-select --install, kenako export SDKROOT=$(xcrun --show-sdk-path). Akumbukirenso kuti akalemba gcc pa Mac, yomwe imayankha ndi clang ya Apple yovala dzina la eni. Ngati Mac yake ndi ya M1 kapena yatsopano, Homebrew ili ku /opt/homebrew osati /usr/local, ndipo target yake ndi AArch64. Asakopere X86 yanuyo.

Windows ndiye imafuna mtima. Musatsegule cmd wamba, tsegulani x64 Native Tools Command Prompt ya Visual Studio, apo ayi cl.exe, compiler ya Microsoft, sapezeka kapena mupatsidwa ya 32-bit yomwe imabanika polumikiza. Code muiike pafupi, ngati C:\src\llvm, chifukwa malire akale a zilembo 260 pa njira ya fayilo akadalumabe, ndipo mafoda a LLVM ndi ozama. Pochita clone onjezani --config core.autocrlf=false kuti Git isasinthe mathero a mizere, chifukwa ma test ena amagwa ndi zimenezo. Mukaona LNK2038 yonena za RuntimeLibrary, ndiye kuti mbali ina inamangidwa ndi /MT ina ndi /MD, kapena mwasakaniza Debug ndi Release. Zonse zivale yunifolomu imodzi. Kunena zoona, ngati aphunzitsi sanakakamize MSVC, compiler ya Microsoft ija, ine ndikanangolowa mu WSL, Linux yoyenda m'kati mwa Windows, koma code ikhale mu home ya Linux, osati pa /mnt/c pomwe imayenda ngati kamba.

Pali zina ziwiri zomwe simunafunse koma zikukudikirirani mukayamba kulumikiza pulojekiti yanu ku LLVM. "Undefined reference to typeinfo for llvm::" imabwera chifukwa LLVM imamangidwa yopanda RTTI (njira ya C++ yodziwira mtundu wa chinthu pulogalamu ikuyenda), choncho tengani ma flag kwa llvm-config --cxxflags m'malo mongolota. Chachiwiri, mnzanu wa Mac akalemba include ya "Lexer.h" pomwe fayilo ndi lexer.h, kwa iye ndi pa Windows zidutsa bwinobwino, koma kwa inu zigwa, chifukwa Linux imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Musakangane nazo, ingokonzani dzinalo.

Mukasintha compiler kapena generator (monga kuchoka pa make kupita pa Ninja), fufutani foda ya build yonse. CMakeCache.txt imasunga zakale ngati munthu wa mangawa. Kuti kufufutako kusamapweteke, ikani ccache, yomwe imasunga zomwe zamangidwa kale, ndi kuyatsa -DLLVM_CCACHE_BUILD=ON. Magetsi akathima pakati, monga timadziwira kuno ku Joni, musayambirenso. Ingolembani ninja, ipitiriza pomwe inalekera.

Komanso dzifunseni ngati mukufunikadi kumanga nokha. Ngati simukusintha za m'kati mwa LLVM, apt install llvm-dev kapena brew install llvm zikupatsani library yomweyo musanamalize n'komwe kumwa tiyi, bola makina onse atatu akhale ndi version imodzi.

Zikakanabe, ponyani pano error yoyamba ija ngati mawu, osati chithunzi cha foni, pamodzi ndi mzere wonse wa cmake womwe munalemba. Loweruka masana ndimakhala cha ku Braamfontein, mutha kubwera nayo laputopuyo tidzaione limodzi. Chaja musaiwale.