Cholakwa chimodzi cha Ding ku Singapore

Achimwene, mwafunsa ngati katswiri wa chess angagonjedi chifukwa cholakwitsa kamodzi kokha. Zimachitika ndithu. Pa 12 Disembala 2024 ku Singapore, masewero omaliza olimbirana ukatswiri wa dziko lonse pakati pa Ding Liren wa ku China, yemwe anali ndi chikhocho pa nthawiyo, ndi Gukesh wa ku India ankaoneka kuti atha popanda wopambana. Posuntha ka nambala 55, Ding anaika rook (kachidutswa koyenda molunjika) pa bokosi la f2, bishop wake (kachidutswa koyenda mopendekera) ali pakona, pa bokosi la a8, wopanda kothawira. Gukesh anasinthanitsa ma rook, kenako ma bishop, n'kutsala ndi ma pawn (tizidutswa tating'ono kwambiri) awiri, Ding imodzi. Basi, Gukesh, mnyamata wa zaka 18, anatenga chikho.

Ndinkaonera pafoni pakhonde kuno ku Mangochi, thukuta lili kamukamu. Ding atagwira mutu, mtima unandiwawa kwambiri.