Mwana akakomoka kusukulu, Panado sakwanira

Mayi wina wa ku Area 25 wandilembera. Mwana wawo ali Fomu 2 pasukulu ya atsikana yogonera konko. Teremu ino wakhala akukomoka, akudandaula mutu ndi chizungulire, koma ametroni akuti ndi ulesi, akuthawa kukolopa. Mayiwo akufunsa ngati amusamutse.

Amayi, kalata yanu yandikhudza chifukwa inenso ndidadutsa momwemo. Ndili ku sekondale ndinkataya magazi ambiri ndikakhala kumwezi. Ndinkagwiritsa ntchito nsalu zong'amba kuchitenje chakale cha mayi anga, n'kumaziyanika pansi pa matiresi kuopa kusekedwa, moti sizinkauma n'komwe. Chakudya chinali nsima ya mgaiwa ndi nyemba zofumbwa, nyama mwa apo ndi apo. Tsiku lina ndidagwa pamzere wa phala. Kuchipinda cha odwala kunali mabedi awiri, chidebe, ndi kabati yokhoma yomwe kiyi wake ametroni ankamanga kunsonga ya chitenje. Funso loyamba silinali loti ndikumva bwanji. Adandigoneka, n'kuyamba kundisindikiza pamimba, kufufuza ngati ndili woyembekezera. Atakhutira adandipatsa Panado, basi kalasi. Patchuthi azakhali anga, omwe anali anamwino, adangonditsegula chikope cha m'munsi n'kuona kuti m'kati mwayera mbuu. Magazi anali atachepa kwambiri.

Ndiye ndinene mosapsatira: sukulu yomwe imaona mtsikana wodwala ngati wabodza kapena wobisa mimba yalephera ntchito yake, kaya ana ake amakhoza bwanji MSCE. Makolofe timafunsa za mapointi ndi kuchuluka kwa opita kuyunivesite, koma ndi angati adapemphapo kuona zimbudzi ndi mabafa? Ndi angati amafunsa chomwe chimachitika mipopi ikauma, monga timadziwira kuti muno mu Lilongwe imauma? Kumbukirani Januwale 2023, pamene boma lidachedwetsa kutsegula sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre chifukwa cha kolera. Apo m'pamene tonse tidakumbuka kuti madzi ndi sopo ndi nkhani ya maphunziro.

Za mimbazo zimandipsetsa mtima mwapadera. Kuyambira 1993 dziko lino lili ndi ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka, koma pasukulu zina mpaka lero mantha ndiwo akulamula, mwana n'kumabisa ululu kuopa kunenedwa. Mu 2022 boma lidachotsa msonkho wina pa mapadi, komabe kwa kholo logulitsa tomato ku Mgona paketi imodzi ikadali yolemera m'thumba. Ametroni nawonso sindiwada. Nthawi zambiri amakhala mayi mmodzi kuyang'anira hostelo yonse usana ndi usiku, wosaphunzitsidwa za unamwino. Vuto lili kwa omwe adaganiza kuti izi n'zokwanira.

Nanga muchite chiyani?

Musafulumire kumusamutsa, poti matendawo apita naye. Pemphani chilolezo kwa ahedi, mumutenge ndi buku lake la kuchipatala, akayezedwe magazi ndi malungo, kaya ku Bwaila kaya kuchipatala cha kwanu ku Area 25 komweko. Madokotala akaona kuti n'zazikulu adzakutumizani ku Kamuzu Central. Pobwerera mukhale naye awiriwiri, bambo ake asakhalepo, mumufunse mofatsa za msambo, za chakudya, za tulo, komanso ngati pali wina akumuzunza, kaya mnzake kaya mphunzitsi. Chaka cha JCE nkhawa imagwetsanso ana. Ngati akukanika kukuuzani, angathe kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana. Zomwe adokotala alembe mukazipereke nokha kwa ahedi, ndipo pamsonkhano wa PTA muimirire mufunse kuti mwana akakomoka usiku amamutengera kuchipatala ndani, pagalimoto iti.