Kodi ndikweze pikapu yanga ya 4x2? Yankho kwa achimwene a ku Ntchisi

Pa imelo pabwera funso lochokera kwa mlimi wina wa ku Ntchisi. Akuti: "Ndili ndi Toyota Hilux ya 2009, yokoka ndi matayala akumbuyo okha. Ndimatutira soya ndi chimanga, koma dzinja likafika imakhula pansi ndiponso imatitimira. Makaniko wina akuti aika mabuloko kumbuyo, kutsogolo aikako ma spacer, galimoto ikwere mainchesi 4. Ndivomere?"

Achimwene, mainchesi 4 amenewo musavomere. Ndi mamilimita 100, ndipo mavuto awiri mwatchulawo sachizika ndi mankhwala amodzi.

Tiyambe ndi kukhula pansi. Mukakweza masipiringi, chimene chimakwera ndi chasisi ndi bodi. Difu, chimutu chija chili pakati pa ekiselo yakumbuyo, imatsala pomwe inali, chifukwa imakhala pa matayala osati pa masipiringi. Mumsewu wokumbika mikwasa iwiri, pakati patatukuka, chimene chimayamba kugunda kawirikawiri ndi difuyo. Imakwera pokhapokha tayala likakula, ndipo imakwera pang'ono zedi. Tayala la 245/70R16 ndi lotalika mamilimita pafupifupi 749, la 245/75R16 pafupifupi 774. Kusiyana kwake ndi 25, koma difu imangopeza theka lake, 12 basi. Ntchito yeniyeni ya kukweza ndi kupezera malo tayala lokulirapo, komanso kuti mphuno, mimba ndi mchira wa galimoto zisamagunde potsika kudambo kapena pokwera chitunda.

Kutitimira ndi nkhani ina. Pikapu yopanda katundu imapepuka kumbuyo, komwe kuli matayala okoka. Difu wamba nayo ili ndi khalidwe loipa: tayala limodzi likangoterera, limazungulira lokha, linzake lili pouma litangoti duu. Mungaikweze bwanji, izi sizisintha. Chothandiza ndi matayala a mano akuluakulu, matumba angapo a mchenga pamwamba pa ekiselo, kuphwetsako mpweya pang'ono pamatope, ndipo ngati thumba likulola, diff lock, chipangizo chomanga difu kuti matayala onse awiri azizungulira limodzi. Ine ndalama yoyamba ndingaiponye kumeneku.

Tsopano za mabuloko. Musanagule kanthu, gonani pansi muone masipiringi akumbuyo. Pa Hilux ya 4x4, ndi ya 4x2 imene ku South Africa amaitcha Raised Body, masipiringi amakhala pamwamba pa ekiselo, choncho buloko ikalowa pakati galimoto imakwera. Koma pa ma 4x2 ambiri aafupi masipiringi amadutsa pansi pa ekiselo. Pamenepo buloko imatsitsa galimoto, siikweza ayi. Makaniko amene walonjeza mabuloko asanasuzumire pansi, ameneyo ndi wokayikitsa.

Ngakhale pomwe mabuloko amagwira ntchito, pa galimoto yonyamula matumba sindiwakonda. Buloko imatalikitsa mtunda pakati pa ekiselo ndi sipiringi, ndiye mukaponda moto muli ndi katundu, ekiselo imapotokola sipiringi, kumbuyo n'kumadumphadumpha. Kusanjikiza mabuloko awiri ndiye kuputa ngozi. Ena amatalikitsa ma shackle (tizitsulo tolumikiza mapeto a sipiringi ku chasisi), koma dziwani kuti shackle yotalikirapo ndi mamilimita 50 imakweza galimoto ndi 25 okha, chifukwa mbali ina ya sipiringi ili pa bawuti yosasuntha. Kwa inu, njira yabwino ndi masipiringi atsopano opindika kwambiri, opangidwira kulemera kumene mumanyamula. Makampani a ku Australia monga ARB (eni Old Man Emu) ndi Ironman 4x4 amagulitsa masipiringi motengera katundu wokhazikika m'galimoto, ndipo ambiri amakweza pakati pa mamilimita 40 ndi 50. Si mwangozi. Pamenepo ndi pomwe zitsulo zina za fakitale zimapirirabe. Kuwonjezera tsamba limodzi lachitsulo pa sipiringi yakale n'kotchipirapo, kungoti galimoto ikakhala yopanda kanthu imauma msana. Ndipotu mwina masipiringi anu angofooka ndi zaka; atsopano okha akhoza kubwezeretsa msinkhu umene unatayika.

Kutsogolo, a 4x2 muli ndi mwayi umodzi: mulibe ma CV joint (mfundo zopititsa mphamvu ku matayala akutsogolo) oti avutike. Koma ma ball joint, mfundo zolumikiza tayala ku mikono yachitsulo yoligwira, alipo. Hilux kuyambira 2005 ili ndi sipiringi yozungulira ndi mikono iwiri mbali iliyonse, ndipo sipiringiyo siikhala kumapeto kwa mkono. N'chifukwa chake spacer (chokwezera chimene amaika pamwamba pa sipiringi) ya mamilimita 25 imakweza galimoto pafupifupi kuwirikiza kawiri. Amene sadziwa izi amaika yokhuthala, mkono wapamwamba n'kupendekeka mopitirira, ball joint n'kufika pothera. Tayala likagwera m'dzenje, chimene chimaligwira ndi ball joint yomweyo, ndipo tsiku lina imazuka. Eni Nissan Hardbody ndi Isuzu KB zakale ali ndi ma torsion bar (ndodo zachitsulo zogwira ntchito ya masipiringi), omwe amakwezedwa pongomanga bawuti. Zaulere, inde, koma chilichonse mwakwezacho mwachichotsa pa mpata woti tayala litsikire pansi, ndiye galimoto imangogunda ngati ngolo.

Pali tinthu tina timene ambiri amaiwala, pomwe ndi timene timasiyanitsa ntchito yabwino ndi yongofuna kuonekera. Mashoka akhale a msinkhu watsopanowo, apo ayi azikokedwa mpaka kutha. Mapaipi a mabuleki asakungike galimoto ikakwezedwa pa jeke matayala ali lende. Prop shaft, ndodo yotenga mphamvu ku giyabokosi kupita ku difu, ikasintha kapendekedwe mumamva kunjenjemera ponyamuka. Mankhwala ake ndi timphero tachitsulo pansi pa sipiringi, kapena kutsitsako center bearing, imene imagwiriziza prop shaft pakati.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi valavu ya mabuleki akumbuyo. Ma Hilux ambiri opanda ABS (makina oletsa matayala kukhwekhwereza mukaponda mabuleki) ali ndi kavalavu pa chasisi, kolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo. Bodi ikatsika ndi katundu, kamawonjezera mphamvu ku mabuleki akumbuyo. Mukakweza galimoto osasuntha kandodoko, valavu imayesa kuti bokosi lilibe kanthu ngakhale muli ndi matumba 15 a chimanga. Mukatsika nawo chitsetse cha ku Ntchisi, mabuleki akutsogolo adzagwira ntchito okha mpaka kutentha.

Kumbukiraninso kuti galimoto yokwera imapendama kwambiri pokhota, makamaka matumba atasanjikizidwa kupitirira kabini, ndipo kulemera kumene a Toyota analola sikuwonjezeka chifukwa choti mwaika masipiringi olimba.

Ndiye kauzeni makanikoyo kuti malire ndi mamilimita 50, kumbuyo kukhale kokwererako pang'ono kuposa kutsogolo kuti mukapakira galimoto ifanane. Ma U-bolt, mabawuti omangira masipiringi ku ekiselo, akhale atsopano, akale sabwezeretsedwa, ndipo akamangidwenso mukayenda makilomita pafupifupi 500. Tsiku lomwelo kapangitseni alayimenti, mukonzetse nyali kuti zisamathobwe anzanu m'maso, ndipo a inshuwalansi muwadziwitse kuti galimoto yasinthidwa.